Kabuku ka Chiluma

Lolemba m'mawa Chiluma analumanso.

Dzina lake lenileni linalipo, lolembedwa bwinobwino m'kaundula wa sukulu ya mkaka ya kuseri kwa tchalitchi, koma anzake anamupatsa ili, ndipo linamukakamira. Anali ndi zaka zinayi ndi miyezi ingapo, wamutu waukulu, wamiyendo yopyapyala, maso ake osakhazikika malo amodzi. Tsikulo analimbirana kagalimoto ka pulasitiki ndi mmodzi wa mapasa a m'kalasi mwake. Aphunzitsi anali kumapeto kwa chipinda akupukuta mamina a mwana wina, ndipo pomwe ankadumpha miyendo ya ana kuti akawaleretse, mano anali atalowa kale pamkono.

Masana mayi wa mapasawo anabwera kudzatenga ana ake. Iyeyu analinso wapampando wa komiti ya makolo, wogulitsa nsalu mumsika, mayi wapakamwa pakuthwa koma wosanama. Anayang'ana mkono wa mwana wake, kenako anayang'ana Aphunzitsi.

"Aphunzitsi, anawa timawasiya kusukulu kapena kukhola la agalu?"

"Pepani, amake mapasa. Ndinachedwa ndine."

"Kachitatu aka teremu ino. Makolo akundidya ine kunjaku. Komiti ikumana Lachisanu la sabata yamawa. Akalumanso munthu tsikulo lisanafike, musadzatigwire mwendo. Azikakhala kwawo."

Kwawo kwa mwanayo Aphunzitsi ankakudziwa. Mayi ake anamwalira chaka chatha. Bambo ake anali kundende chifukwa chovulaza munthu ndi botolo pandewu. Amene anamutenga ndi malume ake, munthu wosakwatira, wokonza njinga m'mbali mwa msewu pafupi ndi pokwerera mabasi. Akachotsedwa sukulu, mwanayo azikaswera pamenepo, pakati pa oitanira mabasi ndi zidakwa zokonda kuyambanitsa tiana kuti ziziseka tikamamenyana. Aphunzitsi anaonapo ana okulira pamalo otero, ndipo ankadziwa kumene ambiri a iwo amathera.

Kuyambira sabata yachiwiri ya teremu, Aphunzitsi anamugulira mwanayo kabuku kachikuto chofiira. Ku maphunziro a uphunzitsi anawauza kuti sukulu ndi pakhomo ziziyendera limodzi. Choncho tsiku lililonse Chiluma akalakwa ankalemba mmene zakhalira, n'kuika kabukuko m'chikwama chake. "Lero wakankha mnzake pampope." "Lero watukwana, ndipo wataya tiyi dala." M'mawa kabukuko kankabwerera, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunkakhala kachizindikiro ka pensulo, kochongedwa mosamala. Aphunzitsi ankathokoza Mulungu chifukwa cha malume ameneyo. Makolo ena sankatsegula n'komwe zikwama za ana awo.

Lachiwiri kunabwera anamwino a kuchipatala chaching'ono kudzakweza ana sikelo, monga ankachitira mwezi ndi mwezi. Anali mayi wachikulire, woseka ndi thupi lonse. Atamaliza ntchito yawo, Aphunzitsi anawafotokozera za Chiluma n'kuwapatsa kabuku kaja. Anamwino anavala magalasi, natembenuza masamba onse mpaka kumapeto.

"Iii, mwana wanga, ili ndi buku la kupolisi kodi? Mwanayu chibadwire sanachitepo chabwino?"

"Amachita, nthawi zina."

"Nanga chili pati? Ine sindikuchiona." Anatseka kabukuko. "Tamverani. Mwana ngati uyu anthu amamuona akalakwa basi. Akakhala phee palibe womuyang'ana. Ndiye waphunzira kuti kuluma n'komwe kumaitana munthu wamkulu. Inu muzimugwira akuchita chabwino, n'kumuuza pomwepo, mutchule chimene wachitacho. Azikhala pafupi ndi inu. Muonetsetsenso chimene chimachitika asanalume, mvula siigwa popanda mitambo. Ndipo mumupatse mawu. Mwana wopanda mawu amalankhula ndi mano."

Ana onse atapita, Aphunzitsi anatsala okha akusesa. Anaima ndi tsache m'manja, manyazi atawagwira. Lamulungu lililonse ankaimba mukwaya za Mulungu wosasunga zolakwa za anthu ake, ndipo ankaimba ndi mtima wonse, podziwa zawo zimene anakhululukidwa. Koma iwo anali atadzaza masamba asanu ndi atatu ndi machimo a kamwana ka zaka zinayi. Anagwada pakati pa timipando, napempha chikhululukiro ndi maso ena.

M'mawa mwake anasuntha kampando ka Chiluma kukhala pafupi ndi tebulo lawo. Anamupatsa ntchito yogawa makapu a tiyi. Anayamba kumuonetsetsa, ndipo mitambo ija anaipeza. Mwana wina akamudzera kumbuyo modzidzimutsa, kapena akamulanda kanthu, Chiluma ankakweza mapewa, nsagwada n'kuuma gwa. Akaona zimenezo ankamuitana msanga.

"Bwera kuno. Gwira diresi langa. Tanena, 'Sindikufuna.'"

Tsiku loyamba anangowayang'ana. Lachinayi ananena monong'ona, nkhope ili pansi. Lachisanu anakuwa mpaka kalasi yonse inadzidzimuka, "Sindikufuna!" Koma sanalume.

"Waona? Wakwiya, koma wanena ndi pakamwa. Wachita bwino kwambiri."

Mwanayo anawayang'ana mokayika, ngati akudikira kuti anene chinanso choipa. Sananene. Masiku atatu amenewo m'kabuku sanalembemo kanthu, poti panalibe mlandu, ndipo Chiluma ankafika m'mawa akuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana.

Lolemba linalo kamtsikana kakang'ono kuposa onse kanagwa pakhonde n'kusupuka bondo. Chiluma anakadzutsa, anakapukuta fumbi ndi malaya ake, n'kukakokera kwa Aphunzitsi. Mtima wa Aphunzitsi unadzaza. Nthawi yoweruka itayandikira, anatenga kabuku kofiira n'kuyamba kulemba. Analemba za makapu, kuti sanagwetse ngakhale imodzi. Analemba za Lachisanu lija. Analemba za kamtsikanako. Analemba kuti mwanayu ali ndi mtima wabwino, ndi kuti Mulungu adalitse manja amene akumulera.

Chiluma anaima pambali pa tebulo, maso ali pa cholembera. Mzere wachitatu utatha anayamba kupondaponda.

"Basi, Aphunzitsi."

"Dikira, sindinathe."

"Basi! Basi!"

"Taona iwe, wachita zambiri, tsamba likuchepa," anatero Aphunzitsi akuseka. "Amalume ako lero amva zonse."

Mizere inakwana khumi ndi inayi. Mwanayo ananyamula chikwama chake pang'onopang'ono, natuluka osatsanzika.

Lachiwiri anafika mochedwa, akuyenda mouma. Anakana kukhala pakampando kake. Anakana kugawa makapu. Aphunzitsi atatsegula chikwama kuti aone mmene malume alandirira uthenga wabwino uja, mwanayo analumphira kabukuko n'kung'amba tsamba la dzulo lija. Aphunzitsi anatambasula dzanja kuti amugwire, ndipo iye anawaluma pafupi ndi chala chachikulu. Analuma osafuna kusiya. Magazi anadontha patebulo. Mapasa onse awiri anaona.

Aphunzitsi sanakuwe. Anamunyamula kupita naye kukachipinda kosungiramo zoseweretsa, ndipo atamukhudza kumsana mwanayo anabuula. Anamukweza malaya. Kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu munali mikwingwirima yotupa, ina itachita kung'ambika.

"Wakuchita ndani zimenezi?"

Chiluma anayang'ana kumbali. "Munalemba zambiri," anatero.

Ataweruka, Aphunzitsi anamanga dzanja lawo ndi kansalu, anagwira mwanayo ndi dzanja linalo, nalunjika kumsewu. M'njira monse ankapempha Ambuye kuti awagwire lilime, chifukwa mawu amene anali pakamwa pawo sanali oyenera munthu wamukwaya.

Malo ogwirira ntchito a malume anali malata anayi pa mitengo inayi. Panali matayala akale ataunjikidwa, njinga imodzi yogadamitsidwa, ndi benchi lodzaza masipanala. Malume anali atakhala pa chidebe chovundikira, akumiza chubu m'beseni la madzi akuda kufunafuna pobooka. Anali munthu wamtali, woonda, pensulo ili kukhutu. Atawaona anaimirira msanga.

"Aphunzitsi! Mwachita kubwera nokha? Wapalamulanso chiyani? Iwe, tabwera kuno!"

Chiluma anathawira pansi pa benchi.

"Musamukhudze, bambo. Ndadzera inuyo. Mwanayu mwamumenyeranji chotere?"

Malume anawayang'ana modabwa. "Nanga si monga mwa nthawi zonse? Mzere umodzi, chikoti chimodzi." Analoza lamba wa mphira wodulidwa ku tayala lakale, wopachikidwa pamsomali. "Ndikamukwapula ndimachonga, kuti muone kuti sindikulekerera. Dzulo ndinachita mantha, Aphunzitsi. Tsamba lonse! Ndinati kodi wapha munthu? Ine ndikulira, iye akulira. Koma ndinati ndikamumvera chisoni lero, mawa akapeza bambo ake kundende."

Aphunzitsi anayang'ana lambayo. "Koma mawu ndinalembawo munawamva?"

Malume anayang'ana m'beseni. Tinthovu tinkatuluka pa chubu, koma iye sanasamale.

"Sukulu ndinalekera kalasi yoyamba," anatero. "Zilembo zimangondiyang'ana, inenso n'kumaziyang'ana."

"Bwanji osandiuza?"

"Munthu wandevu ngati ine, kukanena zimenezo pakati pa azimayi odikira ana?" Analoza ndi chibwano kashopu ka tsidya la msewu. "Tsiku loyamba ndinapatsa wometa uyo kabukuka kuti andiwerengere. Anawerenga mokweza, makasitomala onse akumva. 'Mwana wa mkaidi waluma munthu!' Anaseka sabata yathunthu. Ndiye ndinati basi, ndadziwa, kabukuka kamanyamula milandu. Zotsalazo ndizithana nazo ndekha."

Aphunzitsi anakhala pa tayala, osasamala diresi. Anakumbukira masamba asanu ndi atatu aja, mzere uliwonse ndi kachizindikiro kake, ndi mmene ankathokozera Mulungu pokaona. Dzanja limene linkagwira lamba linali la malume, koma limene linkalamula kuchuluka kwa zikoti linali lawo.

Anatulutsa tsamba long'ambika lija m'thumba, nalumikiza zidutswa zake ziwiri pabondo.

"Mverani, bambo. Iwenso pansipo, umve."

Anawerenga pang'onopang'ono, za makapu, za Lachisanu, za kamtsikana kosupuka bondo. Atafika pa mawu omaliza, a manja amene akumulera, anawawerenga kawiri.

Malume anavula chipewa. Anayang'ana manja ake akuda ndi girisi.

"Zimenezi ndi zimene ndamumenyera?"

"Zimenezi."

"Ambuye wanga."

Anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Munthu wina anafika akukankha njinga yophwa, anaima pang'ono, n'kupitirira.

Patapita nthawi malume analankhula, nkhope idakali pansi. "Mlongo wanga anandisiyira mwanayu m'manja. Anthu amati ali ndi magazi a bambo ake. Amati kuwongola mtengo mpoyamba. Nanga ine ndidziwa chiyani china? Inenso anandilera chomwecho."

Aphunzitsi analoza gudumu la njinga yogadamayo. "Rimu ikapindika, mumaimenya ndi hamala?"

"Ayi, imaonongekeratu. Umamanga sipoko imodzi pang'ono, ina n'kumasula pang'ono, n'kuzunguza, n'kuyang'ana. Zimafuna kufatsa." Anaima kaye, kenako anaseka misozi ili m'maso. "Aa, Aphunzitsi, mwanditchera."

"Sindinakutchereni. Tagwera m'mbuna imodzi, ndipo anaikumba ndine. Kabukuka katha lero. Muzibwera nokha poweruka, ndizikuuzani ndi pakamwa, kuyambira chabwino. Akalakwa ndikuonetsani chochita chopanda lamba, monga anandiphunzitsira inenso sabata yathayi. Koma ndinene poyera. Mabala awa anamwino ayenera kuwaona mawa, ndipo mupite naye nokha. Ndikadzaonanso otere sindidzabwera kuno, ndidzapita kwa oona za ana."

"Ndamva."

Anachotsa lamba uja pamsomali, nauponya pamulu wa zitsulo zotha ntchito.

"Chinanso," anatero Aphunzitsi akuimirira. "Lachisanu kuli komiti. Anati akalumanso munthu amuchotsa. Lero waluma ine, ana anaona, ndipo sindibisa."

"Amuchotsadi?"

"Sindikudziwa. Mubwere."

Chiluma sanatuluke pansi pa benchi kufikira Aphunzitsi atawoloka msewu.

Lachisanu masana makolo asanu ndi anayi a mukomiti anakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'mwamba. Malume anakhala pafupi ndi khomo atavala malaya ochapa, ndipo Chiluma anamusiya pakhonde. Mmodzi anapemphera. Atangoti amen, amake mapasa anayamba.

"Nkhani yake njachidule. Tinanena, ndipo walumanso. Dzanja la Aphunzitsi ilo, bandeji mukuliona nokha."

Aphunzitsi anaimirira nafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene anagula kabuku. Sanadzichepetsere mlandu. Ananena kuti kwa miyezi iwiri ankatuma mwana kunyamula chilango chake kumsana, kenako m'mawa n'kumadabwa kuti wabwera wolusa. Za malume anangoti panali kusamvana, poopa kumuchititsa manyazi.

Bambo wina woyendetsa lole anatsokomola. "Zomvetsa chisoni, Aphunzitsi, sindikukana. Koma mwana wanga sindinamubale kuti akhale mankhwala a mwana wa wina."

Ena anagwedeza mitu kuvomereza.

Apo malume anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Makolo anzanga, Aphunzitsi andibisira, koma ine ndinena. Sindidziwa kuwerenga." Ananena mokweza, ngati akufuna kuti amve ndi a panja omwe. "Ndinachita manyazi kufunsa, ndipo manyazi angawo analipira ndi msana wa mphwanga. Lolemba ndinamukwapula kakhumi ndi kanayi chifukwa chodzutsa mwana wanu wina atagwa. Wolakwa ndine. Mukanachotsa ine, kungoti ine m'kaundula mulibe."

Mayi wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Mukamubweza ndilibe komusiya," anapitiriza malume. "Azikakhala nane pamsewu. Ndipo pamsewupo aphunzitsi alipo ambiri kuposa pano."

Anakhala pansi. Amake mapasa anayang'ana pansi nthawi yaitali, akuzunguza mphete pachala.

"Mwana wanga chipsera akadali nacho," anatero. "Ndikamamusambitsa ndimachiona. Aphunzitsi, mungatilonjeze kuti salumanso?"

Aphunzitsi anafunitsitsa kunena kuti inde. Mawu amodzi okhawo akanatha nkhani. Koma anali atangopemphera kumene, ndipo Amene anamupemphayo anali akumvabe.

"Sindingalonjeze. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti masiku anayi anakwiya osaluma. Ndingalonjeze kuti azikhala pafupi nane, ndipo malume ake azibwera tsiku lililonse. Koma ana alipo makumi atatu, ine ndili ndekha, maso ndi awiri."

"Mukanalonjeza ndikanadziwa kuti mukunama," anatero amake mapasa. Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Lachitatu msika suyenda. Ndizibwera kudzakuthandizani kuyang'ana ana, poti anga omwe si angelo, amalanda zinthu ngati akabawi. Ena asankhe masiku awo. Ine ndikuti mwanayu akhale mpaka teremu ithe, tidzaonenso. Ovomereza akweze manja."

Anakweza asanu ndi mmodzi. Woyendetsa lole anavala kapu yake, nanena mwaulemu kuti mwana wake wamkazi Lolemba sabwera, amupezera kwina. Anatuluka. Aphunzitsi anamva kuwawa, chifukwa mwana ameneyonso ankamukonda, ndipo bambo akewo sanalakwe pomuopera.

Makolo atayamba kutuluka, anapeza Chiluma atagona chafufumimba pakhonde, tulo titamuba. Malume anawerama natambasula dzanja kuti amudzutse. Mwanayo anadzidzimuka, ndipo asanatsegule n'komwe maso bwinobwino anaphimba mutu ndi mikono yonse iwiri.

Malume anaima choncho, dzanja lili m'malere, makolo onse akuona. Kenako anabweza dzanjalo, anagwada pa simenti, natembenukira mwanayo msana.

"Kwera, mphwanga. Sukulu sanakuchotse. Lolemba ubweranso."

Chiluma anasuzumira pakati pa mikono. Anayang'ana msana wa malume ake, anayang'ana Aphunzitsi. Aphunzitsi anamugwedezera mutu. Mwanayo anadikirabe pang'ono, kenako anaimirira, nakwera.